Ma shock a MX-5 yakale: kupopetsa, kumasula n'kukonza, kapena kugula ena?

Galimoto yaikulu ikatha ma shock imayenda ikuvina ngati bwato panyanja nthawi ya mwera. Mazda MX-5 sitero, iyo imagunda. Mukakwera hampu kumbuyo kumangomveka kuti gu! ndipo kugundako kumakulowani mumsana, paja mpando wa dalaivala uli pafupi kwambiri ndi tayala lakumbuyo. Ndiye mwini galimoto amathamangira kunena kuti masipuling'i ndi olimba, kapena kuti tigalimoto tothamanga ta mipando iwiri timayenda choncho basi. Ine ndinakhulupirira zimenezo pafupifupi chaka chathunthu ndi yanga ya 1991, imene ndinagula kuno ku England ili ndi dzimbiri lake kale.

Zoona zake, masipuling'i a galimotoyi ndi ofewa. Pa zoyambirira zija, makilogalamu pafupifupi 2.9 amafinya sipuling'i yakutsogolo milimita imodzi, ndipo yakumbuyo imangofuna 1.7. Vuto lili pa danga. Mtunda umene shock yakumbuyo imayenda isanakhudze kalabala kotchedwa bump stop ndi waufupi kwambiri. Shock ikakhala yamoyo imachedwetsa kutsika kwa galimoto, bump stop n'kulandira katunduyo mwaulemu. Shock ikafa, bump stop nayo itafumbutuka ndi ukalamba, galimoto imangogwera pachitsulo. Njira iliyonse imene ndikambe pano ndikuiyeza ndi funso limeneli: ikusunga danga lija, kapena ikulidya?

Mazda inaonetsa galimotoyi koyamba ku Chicago mu February 1989. Ku Japan inkagulitsidwa ndi dzina la Eunos Roadster, ku America Miata, koma zonse zinkachokera ku Hiroshima. Mtundu woyamba, NA, wa nyali zotukuka ngati maso a chule, unalekera mu 1997, ndipo wachiwiri, NB, unayenda kuyambira 1998 mpaka 2005. Ndikamba za iwiriyi chifukwa kunsi kwake n'kofanana kwambiri, komanso ndiyo imene munthu wamba angaifikire mtengo, kaya kuno kapena poitanitsa kwathu kudzera pa doko la Dar es Salaam. Tayala lililonse limagwiridwa ndi mikono iwiri yachitsulo, wapamwamba ndi wapansi, imene amakaniko amati ma control arm. Shock ili mkati mwa sipuling'i ndipo zimatuluka limodzi. Mungati n'zofanana ndi zakutsogolo kwa Corolla, koma ayi. Pa Corolla shock ndiyo imagwiranso tayala n'kumakhota nalo, pomwe pano ntchito yake n'kunyamula sipuling'i ndi kuletsa kudumpha basi. Choncho mukhoza kuichotsa osasokoneza alignment, kaimidwe koyenera ka mawilo, bola mwasankha bwino mabawuti omasula.

Musanagwire sipanala, tsimikizani matenda. Kukanikiza galimoto ndi manja kuti muone idumpha kangati sikunena zambiri pa kanthu kolemera tani imodzi yokha. Yang'anani thupi la shock. Kachinyezi ka oyilo pamwamba si mlandu, koma oyilo woyenderera mpaka pansi, wogwira fumbi n'kupanga matope akuda, ndiye kuti seal, kalabala kotsekera oyilo mkati, yapita. Sisitani tayala ndi chikhato: likakhala ndi timapiri ndi tizigwa motsatizana, lakhala likudumphadumpha pamsewu. Kenaka imikani galimoto pamalo athyathyathya, muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa wilo mpaka m'mphepete mwa mudguard, mawilo onse anayi, mulembe papepala. Manambala amenewo ndiwo akuuzeni za masipuling'i, ndipo muwafunanso pomaliza. Makampani ngati KYB ndi Monroe amati ma shock aziwasintha akakwanitsa makilomita 80,000. Iwo ndi ogulitsa, inde, koma ngati galimoto ya zaka zoposa 20 ikadali ndi ma shock a kufakitale, palibe chofunika kuombezera ula.

Kuitulutsa

Kumbuyo kumaoneka kophweka. Manati awiri a sipanala ya 14 ali m'buti, bawuti imodzi ya 17 ili pansi. Mumasula stabilizer link, kachitsulo kolumikiza mkono wapansi ndi ndodo yoletsa galimoto kupendekera pa kona, mnzanu n'kupondereza mkono wapansi, shock n'kutuluka. Ikakana, chotsaninso bawuti yakunja ya mkono wapamwamba. Kumanzere manati aja abisala kuseri kwa chitsulo chotchinga paipi ya petulo, ndipo pamafunika sipanala yachowonjezera chachitali ndi mtima wautalinso.

Msampha weniweni ndi bawuti yapansi ija. Nati yake sioneka, ili mkati mwa mkono, yotsekeredwa m'kakhola kachitsulo. Kuno kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu, dzimbiri limamatiriza bawuti ndi nati kukhala chinthu chimodzi, ndipo mukakoka mwaukali kakhola kamathyoka, nati n'kumazungulira limodzi ndi bawuti m'malo moti sipanala singalowe. Zinandionekera Loweruka lina m'mawa. Ntchito ya maola atatu inatha Lachitatu, nditaboola mkonowo kuti ndigwire nati, ndipo pambuyo pake ndinagulabe mkono wina. Thirani mafuta omasulira dzimbiri masiku atatu motsatizana musanayambe. Bawuti ikayamba kuyenda, muziibweza pang'ono, kuimasula, kuibwezanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene galimoto yanu inachoka ku Japan kupita kwathu osadutsa kuno, nthawi zambiri pamenepa simudzalirapo.

Kutsogolo ndiko kuli mtsutso, chifukwa shock imadutsa pakati pa mkono wapamwamba ndipo ilibe potulukira pokhapokha china chake chitapatuka. Njira imene ndimakonda ndi yosolola bawuti yaitali ya 21 imene imamangirira mkono wapamwambawo ku galimoto. Ikachoka, mkono ndi zonse zogwira wilo zimapendekera kunja, shock n'kutuluka ngati chinangwa m'dothi lonyowa. Bawutiyi imatulukira chakutsogolo, choncho muchotse pulasitiki yakunsi kwa injini, ndipo mwina mumasuleko stabilizer kuti ipeze njira. Jambulani ndi foni mmene mawashala akhalira musanawasokoneze. Gwiritsani wilo ndi chingwe kuti kulemera kwake kusakoke paipi ya mabuleki kapena waya wa ABS.

Ena amakonda kulekanitsa ball joint yapamwamba, mfundo yolumikiza mkono wapamwamba ndi chogwira wilo. N'zachangu ngati muli ndi chida chake chenicheni, koma ndi foloko yomenya ndi hamala ija labala wa ball joint amang'ambika, ndipo pa galimotoyi ball joint yapamwamba inakhomeredwa mumkono, si yongomasula ndi mabawuti. Mwayamba ntchito imodzi, mwabereka iwiri. Njira yachitatu, yofinya sipuling'i ikadali pagalimoto, imatheka koma malo ndi ochepa ndipo zala zanu zimakhala pamene siziyenera kukhala. Chimene musakhudze konse ndi mabawuti amkati a mkono wapansi, amene ali ndi mawashala ozungulira mopendekera. Amenewo ndiwo alignment.

Mukaitulutsa, chongani ndi penti mmene mounting yapamwamba, chipewa chomangira shock ku thupi la galimoto, yayang'anira poyerekeza ndi bowo lapansi, apo ayi pobwezera mudzalimbana nazo. Sipuling'i muifinye ndi zopanira ziwiri zoyang'anizana, mazinga ake atapakidwa girizi, mukumanga mbali iyi pang'ono, mbali inayo pang'ono, ndi manja. Masipuling'i ake ndi ofewa ndithu, komabe mounting ikauluka imathyola mano. Zomanga ndi waya kapena malamba, munthu wina atakhalira pamwamba, ndaziona kwathu ndipo sindifuna kuzionanso. Ndodo yonyezimira ya shock musaigwire ndi pulayazi. Kachipsera kamodzi pamenepo kamadya seal mpaka kuimaliza.

Kupopetsa ndi kaunjika

Tiyambe ndi njira yotchipa, imene ambiri kwathu amaidziwa. Munthu amaboola thupi la shock, kukhetsa oyilo wakale, kuthira wina, kupopera mpweya, n'kutseka bowo ndi kabawuti kapena kuwotcherera. Mukaikanikiza ndi manja imabwerera yokha mwamphamvu, ndipo mumachoka mukumwetulira. Ndinapopetsapo a Corolla yanga zaka zambiri zapitazo pa galaja ina, ndipo kumwetulirako kunatha mvula isanathe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukadziwa zamkati. Chimene chimaletsa kudumpha si mpweya ayi, ndi oyilo amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ta pisitoni totsekedwa ndi tizitsulo topyapyala. Mpweya ntchito yake n'kupanikiza oyiloyo kuti asachite thovu. Shock yakale imakhala itatha seal, pisitoni itaperepeseka, tizitsulo tija titatopa, ndipo wopopa safika pa chilichonse mwa zimenezi chifukwa ma shock wamba anatsekeredwa kufakitale osati n'kutsegulidwanso. Tizidutswa ta chitsulo tapobowola timatsalira mkati. Oyilo wothiridwayo kulemera kwake n'kongoyerekeza, moti kumanja kumatha kulimba kuposa kumanzere. Pa galimoto yoyendera kumunda mwina mungapirire. Pa galimoto imene munaigulira kukhota, imene kumbuyo kwake ndiko kumakankha, kusiyana kumeneko mumakumva pa kona yonyowa. Ndiponso kuboola shock ya mpweya wambiri, ngati Bilstein, n'kuika maso pachiswe.

Ma shock a kaunjika, ochotsa pa galimoto ina, ndi juga. Zaka zawo n'zofanana ndi za anu. Ndimawavomera pa zifukwa ziwiri zokha. Choyamba, ngati ndi Bilstein ndipo mukuwagula monga thupi loti mukakonzetse. Chachiwiri, ngati muli ndi NA ndipo mwapeza seti yathunthu ya NB imene sinayende kwambiri. Mounting ya NB Mazda inaikonza bwino ndipo imapereka danga lochulukirapo, n'chifukwa chake eni NA ambiri amasamukira kumeneko. Koma musamuke ndi katundu yense: shock, sipuling'i, bump stop ndi mounting, zonse za NB. Kusakaniza shock ya NB ndi mounting ya NA kumadya danga lomwe mumafunalo. Seti yathunthu imakweza NA pang'ono, zimene anyamata a kuno amadandaula nazo, koma pa msewu wa maenje limenelo ndi dalitso.

Atsopano wamba

KYB Excel-G ndi ena amtundu umenewo ndi a mapaipi awiri, ina mkati mwa inzake, monga analili akufakitale. Satsegulika ndipo sasinthidwa mphamvu, akatha mumataya. Anthu okonda magalimoto amawanyoza, koma ine ndinena poyera kuti kwa eni MX-5 ambiri amenewa ndiwo yankho. Ndi masipuling'i akufakitale ndi ma bump stop atsopano, galimoto imabwerera mmene Mazda inaifunira: yofewa, yopendekera pang'ono pa kona, yokuuzani zimene matayala akuchita. Alinso ndi ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri. Mwala ukaphwanya paipi yakunja, pisitoni imayendabe bwinobwino m'paipi yamkati. Kufooka kwawo n'kutentha. Pa msewu wafumbi wa malata uja, mukayenda nthawi yaitali oyilo amachita thovu, mphamvu n'kuchepa mpaka atazizira. Ndipo musawaphatikize ndi masipuling'i olimba otsitsa galimoto, sangawagwire ndipo amatha msanga.

Chenjerani ndi achinyengo a dzina lomwelo. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, mufanizire nambala ya pa bokosi ndi yodindidwa pa shock, ndipo musinthe awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Anayi onse ndiye bwino koposa.

Mukapeza achikasu kunsi kwa galimoto yanu

Pukutani matope muone mtundu. Ngati ndi achikasu olembedwa Bilstein, imani kaye musanataye. Mazda inkaika ma shock a kampani ya ku Ennepetal ku Germany imeneyi pa mitundu ina yapadera, monga Eunos Roadster S-Special imene inatuluka ku Japan mu 1992, R package ya ku America ya 1994, ndi NB zina za Sport. Popeza zambiri zobwera kwathu ndi za msika wa ku Japan, mwayi wowapeza ulipo ndithu.

Amenewa ndi a paipi imodzi, nzeru imene anayambitsa Mfalansa Christian Bourcier de Carbon, Bilstein n'kuitengera patsogolo m'zaka za m'ma 1950. Oyilo ali pamwamba, mpweya wa nitrogen wopanikizidwa kwambiri uli pansi, ndipo pakati pali kapisitoni koyandama kowalekanitsa. Oyilo sachita thovu, kutentha kumatuluka msanga chifukwa khoma ndi limodzi, ndipo chachikulu kwa ife n'chakuti amatsegulika. Katswiri amatulutsa mpweya, kusolola ndodo ndi pisitoni, kusintha ma seal ndi oyilo, kubwezera nitrogen, kenaka kuyeza shock pa makina oikoka ndi kuikankha amene amajambula mphamvu yake. Funsani pepala la makinawo. Wokonza amene alibe makina oyezera akungopopa mwaulemu, ndipo kusiyana kwake ndi wa m'mbali mwa msewu uja ndi mtengo wokha.

Musanawatumize, yang'anani zinthu zitatu. Ndodo ikhale yosalala, yopanda timabowo ta dzimbiri, chifukwa kugula ndodo yatsopano kumakweza mtengo. Thupi lisakhale lophwanyika pena paliponse, paja pano pisitoni imayenda m'khoma lomwelo limene mwala umamenya. Ndipo mbale imene sipuling'i imakhalapo imagwiridwa ndi kamphete kachitsulo kolowa m'kamzere kozungulira thupi. Kamzere kameneko kakadyeka ndi dzimbiri, kulemera kwa galimoto kulibe pogwira, ndipo shock imeneyo yatha ngakhale mkati muli bwino. Zimene mungachite nokha kunyumba ndi zakunja: kupala dzimbiri, kupaka penti, kusintha bushi yapansi. Zamkati zisiyireni wa zida.

Pali dandaulo limodzi lodziwika pa Bilstein za NA: zimagwira mwamphamvu pamene sipuling'i ikufuna kubwerera. Pa msewu wa timabampu totsatizana sipuling'i yofewa ija sipeza mpata wodzuka, galimoto imanka nitsika mpaka kukhalira pa bump stop, ndipo mumamva ngati mwakwera ngolo. Apa ndi pamene kukonzetsa kumaposa kugula, chifukwa shock ili chitsegukire katswiri akhoza kusintha tizitsulo ta pisitoni tija kuti tigwirizane ndi masipuling'i anu komanso misewu yanu. Muuzeni zoona za kumene mumayenda. Vuto la okhala ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete ndi mtunda. Ntchito yotere nthawi zambiri imafuna kutumiza ma shock kunja, ndipo makampani onyamula katundu pandege amavuta ndi zinthu za mpweya wopanikizidwa. Werengerani ulendo wopita ndi wobwera, ndi masabata amene galimoto ikhale pa mastandi, kenaka muyerekeze ndi mtengo wa Bilstein B6 zatsopano. Nthawi zina masamu amakana.

Koni ndi ma coilover

Koni Sport, ya ku Netherlands, nayonso ndi yachikasu, choncho werengani dzina. Ndi ya mapaipi awiri koma ili ndi kachitsulo pamwamba kopotokola kuti mufewetse kapena kulimbitsa kabwereredwe ka shock, muli chiimire pa boneti kapena m'buti. Kwa munthu amene amapita kuntchito mkati mwa sabata, Loweruka n'kukathamanga pa bwalo la mpikisano, imeneyi ndi njira yapakati yabwino, ndipo imagwira masipuling'i olimbirapo popanda vuto. Ndodo yake ndi yonenepa kuposa yakufakitale, moti pamafunika kukulitsa mabowo a zitsulo za pa mounting. Cholakwa cha ambiri n'kupotokola mpaka kumapeto tsiku loyamba, poganiza kuti kulimba ndiko kuthamanga. Yambirani pafupi ndi pofewa, muzikwera pang'onopang'ono.

Ma coilover ndi shock ndi sipuling'i zogulitsidwa pamodzi, thupi lake lili ndi mazinga kuti mukweze kapena kutsitsa galimoto mmene mwafunira. Alipo a Tein a ku Japan, BC Racing a ku Taiwan, MeisterR ndi GAZ amene ali ponseponse kuno ku Britain, mpaka Öhlins a ku Sweden amene seti yake nthawi zina imadula kuposa NB yadzimbiri imene mukufuna kuiikapo. Ubwino wawo weniweni si kutsitsa chabe. Abwino amakhala ndi thupi lalifupi, moti galimoto imatsika danga lija osatha. Ngati mwatsimikiza mtima kuti galimoto itsike kwambiri, njira yolongosoka ndi imeneyi.

Koma walira mvula walira matope. Masipuling'i ake nthawi zambiri amakhala a makilogalamu 6 kutsogolo ndi 4 kumbuyo, ena 8 ndi 6. Yerekezani ndi 2.9 ndi 1.7 zija. Mazinga amagwira dzimbiri kumene kuli mchere ndipo amadzaza dothi kumene kuli fumbi, moti osawatsuka ndi kuwapaka mafuta, pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri sazunguliranso. Amene ali ndi mounting yachitsulo chokhachokha, yopanda labala, amalowetsa phokoso lonse la msewu m'galimoto ndipo fumbi limawapangitsa kugogoda msanga. Opanda dzina otchipa a pa intaneti ndiye musawayandikire, KYB wamba amawaposa kutali. Okhala ku Britain kumbukirani kuuza a inshulansi, chifukwa kusintha kotere n'kubisa kumatha kuwapatsa chifukwa chokanira kulipira pa ngozi.

Ine pa yanga ndinaika Koni, mounting ya NB ndi masipuling'i osatsitsa. Ikanakhala kuti ikuyenda pakati pa Blantyre ndi Zomba, n'kumapatukira m'misewu ya m'makwalala ya mahampu ndi maenje, ndikanaika KYB, ndalama yotsala n'kugulira mabushi ndi matayala abwino.

Masipuling'i

Pano nkhani ndi yotembenuka: ma shock wamba amatayidwa, koma masipuling'i nthawi zambiri amapulumuka. Aimikeni awiriawiri pansi posalala muyeze kutalika. Ine ndikaona kumanja ndi kumanzere kwasiyana kupitirira mamilimita 5 ndimayamba kukayika, makamaka ngati manambala munalemba aja akuonetsanso kuti galimoto inapendekera mbali yomweyo. Yang'anitsitsani zinga lapansi, pamene pamakhala madzi ndi mchenga, chifukwa ndi pamene zimathyokera, ndipo kachidutswa kothyokako kamatha kubisala m'mbale osaoneka. Dzimbiri lapamwamba si kanthu. Koma likakumba timaenje toti chikhadabo n'kukodwamo, tayani zonse ziwiri, chifukwa mng'alu umayambira m'kaenje kotero. Sipuling'i yothyoka kapena shock yochucha oyilo kwambiri siidutsa MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka kwa kuno, ndipo si chinthu chopita nacho ku COF kwathu.

Poyeretsa gwiritsani bulashi ya waya ndi sandipepa wosalala, osati grinder. Kufakitale khungu la sipuling'i amalimenya ndi timipira tachitsulo tambirimbiri kuti likhale lopanikizika, ndipo khungu limenelo ndilo limaletsa ming'alu. Mukalipala mwachotsa chitetezo. Musaiviike mu asidi, ndipo musaipititse kokutira chrome, zonsezi zimalowetsa hydrogen m'chitsulo n'kuchisandutsa chophweka kuthyoka. Penti woyambira woletsa dzimbiri ndi penti wolimba pamwamba n'zokwanira. Penti waufa wowotcha mu uvuni amakhalitsa kuposa pamenepo, ndipo kutentha kwake kwa madigiri pafupifupi 200 sikuononga chitsulo cha sipuling'i, bola muwauze kuti penti wakale asamuchotse pomuwotcha m'ng'anjo. Timadontho ta penti wamitundu timene Mazda inaika pa sipuling'i tijambuleni kaye, ndito timasonyeza mtundu wake mukadzafuna ina.

Zodula zinga limodzi ndi grinder kuti galimoto itsike, kapena kuwotcha ndi moto wa gasi mpaka sipuling'i ikhale pansi, ayi ndithu. Kudula kumaiumitsa, mapeto ake sakhalanso bwino m'mbale, ndipo tayala likalendewera imatha kuchoka pamalo. Moto umapha chitsulocho, chimanka nichitsika mosalingana mpaka kuthyoka. Masipuling'i otsitsa opangidwa bwino, ngati a Eibach kapena H&R, amatsitsa pafupifupi mamilimita 25 mpaka 35. Galimoto imaoneka bwino, sindikana. Koma kumbukirani danga lakumbuyo lija. Kutsitsa NA chonchi pa ma shock a thupi lalitali ndi ma bump stop akale ndiye kuti ikuyendera pa bump stop tsiku lonse. Mukawafuna, agulireni limodzi ndi Koni kapena Bilstein ndi ma bump stop aafupi opangidwira ntchito imeneyi. Ndipo yezani kaye hampu ya pa geti panu.

Pobwezera

Tinthu tating'ono ndito timasiyanitsa ntchito yabwino ndi yongothamangira: ma bump stop anayi, malabala otchinga fumbi pa ndodo, malabala a mounting, ndi ma stabilizer link ngati akugwedera. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi Loweruka lina lomasulanso zonse. Shock yatsopano ya mapaipi awiri muiimike chilili n'kuikankha kangapo musanaiike, kuti mpweya umene unasokonekera ili chigonere m'bokosi ubwerere pamalo pake. Nati ya pamwamba pa ndodo musaimange ndi mfuti yamphepo, imazunguza ndodo ndipo imatha kumasula pisitoni mkati. Mapeto a sipuling'i akhale m'kakhwawa kake pa mbale musanamasule zopanira.

Mabawuti onse odutsa m'mabushi a labala, ndiye kuti yapansi pa shock, yaitali ija, ndi ya mkono wakumbuyo ngati munaichotsa, ayambe angogwira. Mabushi amenewa sazungulira, amapotoka, ndipo mukawamanga wilo likulendewera amakhala opotoka kale galimoto ikatera pansi. Imakwera kuposa muyezo, ndipo labala amang'ambika m'miyezi yochepa. Ikani jeke pansi pa mkono wapansi, mukweze mpaka galimoto itangoyamba kunyamuka pa standi, ndiye mumange. Buku la Mazda limati bawuti yapansi pa shock imangidwe pa 73 mpaka 93 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira, manati awiri apamwamba 29 mpaka 36, ndipo yaitali ija 118 mpaka 137. Manati apamwamba aja ndi aang'ono, ndipo amathyoka m'manja mwa munthu wokhulupirira mphamvu zake. Pa bawuti yakumbuyo ya nati yobisika pakani girizi wa kopa, mudzadzithokoza nokha.

Yendani masiku awiri kapena atatu kuti zonse zikhazikike, mubwerere pamalo athyathyathya aja ndi tepi ndi pepala lanu. Ngati kutalika sikunasinthe ndipo simunakhudze mabawuti a mkono wapansi, alignment ili pomwe inali. Ngati kwasintha ndi mamilimita oposa 10, pitani kokayezetsa mawilo onse anayi, osati akutsogolo okha monga amachitira pa galimoto zambiri, chifukwa pa MX-5 akumbuyo nawonso amasinthidwa. Ndipo muwachenjeze a pa makinawo kuti mabawuti a alignment a galimoto yakale amakhala atamatirira m'mabushi, ayambe awathira mafuta dzulo lake.